Auto, P, Av, Tv kapena M: kagudumu ka kamera kakhale pati mukamayamba kujambula?

Mwapeza kamera yanu yoyamba, kaya ndi Canon 2000D yomwe m'bale wakutumizirani kuchokera ku Joni, kaya ndi Nikon D3200 yakale yomwe mwaigula kwa munthu pa Facebook, ndiye pamwamba pake pali kagudumu kolembedwa Auto, P, Tv, Av ndi M. Ku Nikon ndi Sony zilembo zake ndi P, S, A, M koma ntchito ndi yomweyo. Mukangofunsa m'magulu a ojambula pa WhatsApp akuuzani kuti wojambula weniweni amakhala pa M basi, zinazo ndi za ana. Ine zimenezi ndimakana, ndipo zimandiwawa chifukwa ongoyamba kumene ambiri amaononga zithunzi za chinkhoswe cha eni ake pofuna kuoneka akatswiri, pomwe chinkhoswecho sichidzabwerezedwanso.

Zomwe kagudumuka kamachita ndi kugawa ntchito pakati pa inu ndi kamera pa zinthu zitatu. Aperture ndi kukula kwa bowo la mu lenzi, nambala ikakhala yaing'ono ngati f/1.8 bowolo ndi lalikulu, ikakhala f/16 ndi kabowo kakang'ono. Shutter ndi nthawi yomwe kuwala kumaloledwa kulowa, 1/1000 ndi kuphethira chabe pomwe 1/30 ndi nthawi yokwanira kuti dzanja lanu ligwedeze chithunzi. ISO ndi kukweza mphamvu ya kuwala komwe kwalowako, mukaikweza kwambiri chithunzi chimadzadza timadontho tomwe ojambula amati noise. Zili ngati kuyanika ufa: padzuwa la October umauma msanga, tsiku la mitambo la mu June umafuna nthawi yaitali pamphasa. Kuchoka pa f/4 kupita pa f/5.6 mwadula theka la kuwala, chimodzimodzi kuchoka pa 1/125 kupita pa 1/250, ndipo ISO 100 kupita 200 mwabweza theka lija.

Koma chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi. Mita yoyezera kuwala ya mu kamera siidziwa kuti uyu ndi mkwatibwi, imangoyesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chotuwa pakatikati. Ndiye mkwatibwi wathu wakuda bwino atavala diresi loyera mbee, kumbuyo kuli khoma la tchalitchi loyeranso, kamera imaganiza kuti kwawala mopitirira, imachepetsa, nkhope nkuda bii. Anyamata a mkwati atavala masuti akuda ataima pamthunzi, imachita zosemphana, imawalitsa mpaka malaya oyera nkusowa mizere. Mankhwala ake ndi kabatani kolembedwa +/- kaja, komwe kamauza kamera kuti iwalitse (+) kapena ichepetse kuwala (-), ndipo ndikamayerekeza njira za pa kagudumuzi (ma mode) ndiziyang'ana kwambiri ngati kabatani kameneka kakugwira ntchito kapena ayi.

Zomwe ndikuyezera

Mtengo: ma mode onsewa ndi aulere, anabwera ndi kamera, koma ena amakukankhirani kukagula lenzi, fulashi kapena tripod (miyendo itatu yoimikapo kamera), ndipo ena amadya nthawi yanu.
Kupezeka: kodi kamera yanu ili nayo njirayo, nanga zida zoyendera limodzi zimapezeka kuno?
Chisamaliro: zomwe muyenera kumakumbukira ndi kusintha nthawi zonse, kuphatikizapo batire ndi fumbi.
Chiopsezo: chomwe chingalakwike, komanso ngati chingakonzeke pa laputopu kapena chapita basi.

Auto

Mtengo: palibe chogula, palibenso chophunzira.

Kupezeka: kamera iliyonse ya oyamba kumene ili nayo, nthawi zambiri ndi chizindikiro chobiriwira chija.

Chisamaliro: batire limatha msanga chifukwa kafulashi kapamwamba kamangodzuka kokha kukangochita kamdima. Ngati kwanu magetsi amathimathima, khalani ndi batire lachiwiri lotchaja kale.

Chiopsezo: kabatani ka +/- sikagwira ntchito pano, ndiye nkhope ikada mulibe chochita. Kamera imasankhanso yokha poika focus (malo omwe aoneke bwino kwambiri pachithunzi), kawirikawiri pa chomwe chili pafupi, ndiye maluwa a patebulo amaoneka bwino pomwe akwati ali mwachimbuuzi. Kafulashi kaja kamangofika mamita atatu kapena anayi, mu holo yaikulu ngati ya BICC kamangowalitsa mitu ya anthu a kutsogolo kwanu, ndipo mu Misa kapena pamaliro kumangothwanima kumasowetsa anthu mtendere. Auto ndi yabwino sabata yoyamba pomwe mukuzolowera kugwira kamera, komanso mukamapatsira mnzanu kuti akujambuleni. Kupitirira apo mukudzimana.

P

Iyi anthu amainyoza koma ndi poyambira pabwino zedi. Kamera imasankha aperture ndi shutter, inu mumatsala ndi ISO, fulashi ndi +/-.

Mtengo: lenzi ya 18-55mm yomwe inabwera ndi kamera ndi yokwanira.

Kupezeka: paliponse, ngakhale pa timakamera tating'ono ta m'thumba.

Chisamaliro: mukaika +1 pojambula munthu amene waima pakhomo kuwala kukuchokera kumbuyo kwake, kamera zambiri zimasunga +1 yemweyo ngakhale mutazimitsa. Zoloweretsani chala kubweza pa 0 mukamaliza. ISO nayo chimodzimodzi, musatuluke nayo 3200 ya usiku wathawu kupita pa dzuwa la ku Lizulu.

Chiopsezo: kamera siidziwa ngati chomwe mukujambula chikuyenda. Madzulo imatha kutsitsa shutter mpaka 1/30, kuwala kuli bwinobwino koma ana omwe amavina aja asanduka mizukwa. Ngakhale muli pa P, muziponya diso pa nambala ya shutter musanadine, ndi mmene mumaphunzirira manambalawa mosavutika.

Av, kapena A ku Nikon ndi Sony

Apa ndi pomwe ine ndimafuna munthu akhazikike. Inu mumasankha aperture, kamera imapeza shutter yoyenera, +/- ikugwira ntchito, ndipo dzuwa likabisala kapena kutuluka kamera imadzisinthira yokha. Aperture ndi yomwe imalamula kuti kumbuyo kwa munthu kuoneke kapena kufafanizike, zomwe makasitomala ambiri a graduation ndi bridal shower amafuna akamati ndijambuleni chooneka ngati cha mu magazini.

Mtengo: apa pali ndalama, tisanamizane. Lenzi ya 18-55mm mukaikoka kufika pa 55mm siitsika kuposa f/5.6, ndiye kumbuyo sikufafanizika kwenikweni ndipo m'nyumba imavutika. Yomwe imasintha zinthu ndi 50mm f/1.8, yomwe ndi imodzi mwa malenzi otchipa kwambiri ku Canon ndi ku Nikon komwe, ndipo pa f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Ilipo ya Yongnuo yotchipirapo, imagwira ntchito koma focus yake ndi yaphokoso ndipo mumdima imasakasaka.

Kupezeka: mode ili pa kamera iliyonse yosintha malenzi, kaya DSLR kaya mirrorless. Lenzi ndiye kawirikawiri mumachita kuitanitsa kunja kapena kugula kwa wojambula mnzanu amene akukweza zida. A Nikon tcherani khutu apa: D3200, D3500, D5300 ndi anzawo alibe mota ya focus m'thupi mwa kamera, ndiye 50mm f/1.8D yakale ija, ngakhale itatchipa bwanji, izikufunani kupotokola focus ndi dzanja. Yanu ndi AF-S 50mm f/1.8G. Musanalipire ikani lenziyo pa kamera yanu, jambulani, ndipo iyang'aneni poiunika ndi tochi ya foni ngati mkati mulibe nkhungu.

Chisamaliro: mukakhala ndi malenzi awiri mumayamba kusinthasintha, ndipo fumbi la Lilongwe kuyambira August mpaka mvula itagwa mukulidziwa. Musasinthe lenzi pamsewu wafumbi wa ku Area 36 kapena ku Mtandire mphepo ikuomba, lowani m'galimoto kapena m'nyumba, kamera iyang'ane pansi. Fumbi la pa sensor, kachida kolandira kuwala mkati mwa kamera, limabisala pa f/2.8 koma mukangoika f/16 nkujambula thambo mupeza madontho akuda. Kapopa kamphepo kaja kokha ndi komwe mungagwiritse ntchito, osapukuta sensor ndi nsalu.

Chiopsezo: zilipo zitatu. Choyamba, munthu akagula 50mm amangokhala pa f/1.8 paliponse. Masana dzuwa lili paliwombo, pa ISO 100, f/16 imafuna pafupifupi 1/100, ndiye mukatsegula mpaka f/1.8 pafunika 1/8000, pomwe makamera athu oyambirawa amathera pa 1/4000. Zotsatira zake chithunzi chimayera mbuu. Pitani ndi amene mukumujambulayo pamthunzi wa mtengo kapena tsekani kufika f/2.8 kapena f/4, ndipo pamthunzipo ndi pomwe khungu lathu limaoneka bwino kale, popanda mithunzi yakuda m'maso. Chachiwiri ndi zithunzi za gulu. Ankhoswe, makolo ndi akwati ataima mizere iwiri kapena itatu, pa f/1.8 mzere umodzi wokha ndi womwe uoneke, ikani f/5.6 kapena f/8. Chachitatu ndi chija cha pa P, m'nyumba shutter imatsika mwakachetechete. Ndi 50mm musalole itsike kuposa 1/100, ndipo ngati anthu akuyenda 1/200. Ikatsika kwezani ISO, musaope 1600, chithunzi cha noise kasitomala amalandira koma chogwedera amabweza.

Tv, kapena S

Inu mumasankha shutter, kamera imasankha aperture. Ndi ya zinthu zothamanga.

Mtengo: mode yake ndi yaulere koma zomwe anthu amafunira Tv, monga mpira, zimafuna lenzi yokoka patali, 55-250mm kapena 70-300mm. Ndi 18-55mm mutakhala pa stand ku Bingu National Stadium osewera azioneka tating'ono kwambiri.

Kupezeka: paliponse pomwe pali Av.

Chisamaliro: muzisunga manambala ochepa m'mutu. Mpira wa Silver Strikers masana 1/1000. Gule, beni kapena ana akuthamanga 1/500. Anthu akuyenda pamzere wa ukwati 1/250. Pali inanso yomwe ambiri saidziwa: magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye mababu ena a chubu ndi ma LED otchipa amaphethira mofulumira moti diso siliona koma kamera imaona. Mukajambula pa 1/500 pansi pa mababu amenewa, chithunzi china chimatuluka chowala china chakuda, pena mitundu kusiyana, pena mizeremizere. Mukaika 1/100 kapena 1/50 vutoli limachepa, ndipo a video ndi chifukwa chake amakonda 1/50.

Chiopsezo: lenzi ili ndi malire. Mwaika 1/1000, masewera alowa chigawo chachiwiri, dzuwa lapendeka, lenzi yatsegula mpaka f/5.6 ndipo siingapitirire. Nambala ya aperture imayamba kuthwanima kukuchenjezani, koma mtima uli pa mpira simuona, ndiye zithunzi zonse zakumapeto ndi zakuda. Kuika ISO pa Auto kumathandiza kwambiri apa. Ndipo mukachoka kubwalo kulowa m'nyumba, 1/1000 uja mumusiye panja.

M

Zonse zitatu zili m'manja mwanu, kamera imangokuonetsani kamzere ka mita. Ubwino wake weniweni ndi umodzi: palibe chimasintha pokhapokha inu mutasintha. Ngati kuwala sikukusintha, zithunzi 200 zimatuluka zofanana, kaya munthu wavala zoyera kaya zakuda, mita siingakupusitseni. Nchifukwa chake a studio, ojambula zithunzi za pasipoti ndi ojambula katundu wogulitsa pa intaneti monga makeke, nsapato ndi zitenje amakhala pa M.

Mtengo: nthawi yambiri yoyeserera, ndipo M imakoma mukakhala ndi kuwala komwe mukukulamulira nokha, kutanthauza fulashi yapadera ya Godox kapena Yongnuo, mabatire ake a AA otchajidwa, kenako tripod ngati mukufuna kujambula magetsi a pa interchange ya Area 18 usiku.

Kupezeka: ilipo, koma makamera oyambira ali ndi kagudumu kosinthira manambala kamodzi kokha. Kamasintha shutter, ndipo kuti musinthe aperture mumachita kudina +/- uku mukupotokola, zomwe zimachedwetsa zinthu zikamathamanga. Onaninso pokhazika fulashi, Canon 4000D ndi ma 2000D ena alibe kachitsulo kapakati kaja, ndiye mafulashi ena osakhala a Canon sayaka. Yesani musanagule. Pa foni, Pro mode ya Samsung, Tecno kapena Redmi imakupatsani shutter ndi ISO, aperture pa mafoni pafupifupi onse ndi yokhazikika, koma ndi malo abwino oyeserera ngati kamera simunagule.

Chisamaliro: ichi ndiye cholemetsa. Chilichonse chikasintha, mtambo, chitseko kutsegulidwa, munthu kusuntha kuchoka pazenera, muyenera kusintha manambala. Musakhulupirire sikirini yakumbuyo, padzuwa imaoneka yakuda ndipo usiku imaoneka yowala kuposa chithunzi chenicheni. Yatsani chenjezo lomwe limathwanimitsa malo oyera mopitirira, kapena phunzirani kuwerenga histogram, kachithunzi konga phiri koonetsa malo akuda kumanzere ndi owala kumanja, ikaunjikana kumapeto a kumanja ndiye kuti diresi lapsa, layera mopitirira. Ndi fulashi shutter isapitirire 1/200 pa makamera amenewa, apo ayi mbali ina ya chithunzi imadulidwa ndi mzere wakuda.

Chiopsezo: chachikulu kuposa njira zonse. Taganizani muli mkati mwa tchalitchi ku Maula, mwaika 1/125, f/2.8, ISO 1600, zikuyenda bwino. Mwambo watha, akwati akutuluka, nthungululu, nanu mwathamangira panja padzuwa manambala ali omwewo. Zithunzi za pakhomo zija zonse ndi pepala loyera, ndipo malo oyera mbuu alibe chobweza, ngakhale mutatsegula pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom. Chakuda pang'ono chimakonzeka, makamaka ngati munajambula RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona, koma RAW nayo imadya memori khadi, fayilo imodzi ya kamera ya 24 megapixel imazungulira 25MB kapena 30MB, ndipo imafuna laputopu. Mapulogalamu aulere alipo, Digital Photo Professional ya Canon, NX Studio ya Nikon ndi darktable, ngati zolipira mwezi ndi mwezi m'madola zikukuvutani. Nyengo ya mvula, December mpaka March, mitambo imangosinthana ndi dzuwa mphindi iliyonse, M panja imatopetsa ngakhale anthu ozolowera.

M ndi Auto ISO

Iyi siinalembedwe pa kagudumu, mumaika M kenako ISO pa Auto. Inu mwagwira shutter ndi aperture, kamera imangokweza kapena kutsitsa ISO.

Mtengo: palibe choonjezera, koma imakoma ndi lenzi ya f/1.8 kapena f/2.8.

Kupezeka: makamera ambiri a zaka zaposachedwa ali nayo. Vuto ndi +/-, pa ma Canon ena oyambira siigwira ntchito mukakhala pa M ndi Auto ISO, pomwe pa Nikon zazing'onozi mumakaipeza mu menu ya pa sikirini. Yesani yanu kunyumba.

Chisamaliro: ikani malire a ISO mu menu, 3200 pa makamera akalewa, 6400 ngati yanu ndi yatsopanoko.

Chiopsezo: ISO siingatsike kuposa 100, ndiye mukatuluka panja ndi 1/250 pa f/2 chithunzi chiyerabe. Ndipo mita ija yabwerera pa ulamuliro, zoyera ndi zakuda ziziipusitsa monga kale.

Ndiye muike pati?

Ngati kamera mwaigwira sabata ino, chokani pa Auto mupite pa P, ndipo tengani mlongo wanu kapena mnzanu mumujambule pakhomo, pamthunzi ndi padzuwa, uku mukusintha +/- kuchoka pa -1 kufika +1 mpaka muone mmene nkhope ikusinthira.

Ngati mukujambula munthu mmodzi, graduation, birthday kapena pre-wedding ku Botanic Gardens, ikani Av, f/2.8 ngati muli ndi 50mm, ISO 100 kapena 200, pamthunzi kapena dzuwa litapendeka cha m'ma 4 koloko. Ngati muli ndi 18-55mm yokha, kokerani pa 55mm, f/5.6, ndipo munthuyo aime kutali ndi zomwe zili kumbuyo kwake, kufafanizika kumabwerako ndithu.

Gulu la banja, kwaya kapena a Mvano atavala yunifolomu yawo yoyera, Av pa f/8, ndi +/- pa +0.7 kapena +1, kenako onani ngati malaya sanapse.

Mpira, netball, gule, njinga za kabaza zikudutsa, kapena anyani ku Lilongwe Wildlife Centre, Tv pa 1/500 mpaka 1/1000, ISO pa Auto.

Katundu wogulitsa, zithunzi za pasipoti, chilichonse cha fulashi kapena tripod, M. Apa ndi pomwenso muphunzirire M, chifukwa keke siithawa ndipo mutha kubwereza kakhumi.

Perekaniperekani mu holo madzulo, anthu akuvina ndi ndalama m'manja, M ndi Auto ISO, 1/200 pa f/2 kapena f/2.8, ndipo ngati mababu akupanga mizere tsikani pa 1/100 mudikire pomwe ovina aima pang'ono.

Ndipo ngati achimwene kapena achemwali akupatsani ukwati wawo kukhala ntchito yanu yoyamba yolipidwa, tsiku limenelo si loyeserera. Khalani pa Av ndi Auto ISO kuyambira kunyumba kwa mkwatibwi mpaka kutchalitchi ndi panja, chala chikhale pa +/-, diso pa shutter kuti isatsike kuposa 1/200 pomwe anthu akuyenda, ndipo ikani kamera isunge RAW ndi JPEG limodzi ngati memori khadi ikulola.